N'chifukwa chiyani sanangowonjezera zitsulo ndi mfuti pa ndege zoponya mabomba?

Funso: Ndakhala ndikuwerenga za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiye pali chimene chandiimitsa mutu. Ndege zikuluzikulu zoponya mabomba, monga Lancaster ndi B-17, amazitama kuti zinali zamphamvu zedi, koma anyamata okwera m'menemo ankangofa ngati nkhuku za chitopa. Mainjiniya analephera bwanji kuzikuta ndi zitsulo zochindikala, kuwonjezera mfuti, kapena kungokulitsa makomo othawirapo? Kunali kusadziwa kapena kusasamala?

Yankho: Zikomo bambo. Mwatchula zinthu zitatu, zitsulo, mfuti ndi makomo. Pa ziwiri zoyambazo ndiwaikira kumbuyo mainjiniya aja. Pa chachitatucho ndili mbali yanu, ndipo ndifikapo.

Za chitopa simukunama. Gulu la Angerezi loponya mabomba, Bomber Command, linali ndi anthu okwera m'ndege pafupifupi 125,000 pa nkhondo yonse, ndipo 55,573 mwa iwo anafa. Mnyamata ankayenera kukwanitsa maulendo 30 kuti apatsidwe mpumulo. Usiku umene ndege 5 pa 100 zilizonse sizinabwerere sunali wachilendo. Koma werengetsani nokha: ngati ulendo uliwonse ukudya ndege 5 pa 100, pofika ulendo wa 30 otsala ndi 21 kapena 22 okha pa 100.

Kuti mumvetse za zitsulo, ikani ndege pa sikelo. Lancaster yopanda kanthu inkalemera pafupifupi matani 17. Mainjini ake anayi a Rolls-Royce Merlin ankatha kuinyamula kuchoka pansi ikalemera matani 30 kapena kupitirira pang'ono, kuposa apo bwalo limatha ndege isanadzuke. Ndiye zonse zokweza zisapyole matani 13 kapena 14. Matanki ake akadzaza, malita pafupifupi 9,800, mafuta okhawo ndi matani 7. Zotsalazo mugawire anthu asanu ndi awiri, zipolopolo, okosijeni, ndi mabomba amene ali chifukwa cha ulendo wonsewo. Aliyense amene anakwezapo matumba a makala panjinga akudziwa kuti thumba lililonse lowonjezera amalilipira ndi miyendo pa chitunda. Kwa ndege chitunda chake ndi kutalika kumene ingakwere, liwiro ndi mtunda. Mukaikuta ndi tani imodzi ya chitsulo, muchotse tani ya mabomba, kapena tani ya mafuta osakafika ku Berlin, kapena muuluke m'munsi momwe mizinga ya pansi imalasa bwino. Ndipo mukachepetsa mabomba ndi theka, ntchito yomweyo ifuna maulendo awiri, anyamata omwewo adutse pa moto kawiri. N'chifukwa chake chitsulo chodziwika chotchinga munthu m'Lancaster chinali chimbale cha kumbuyo kwa mutu wa woyendetsa, pomwe khungu la ndege yonse linali aluminiyamu wopyapyala. Ngakhale woyendetsayo anali mmodzi yekha. Wachiwiri anamuchotsa mu 1942, m'malo mwake n'kuikapo injiniya woyang'anira mainjini ndi mafuta.

Vuto lina n'lakuti ndegezi zinabadwira papepala nkhondo isanayambe. Mu 1932 Stanley Baldwin, mmodzi wa atsogoleri a boma, anauza nyumba ya malamulo ya Britain kuti ndege yoponya mabomba palibe angaitchinge, idzafika basi. Pa nthawiyo zinkaoneka zoona, chifukwa radar, chipangizo choonera ndege patali ngakhale mumdima, kunalibe ndipo ndege zosaka zinzake sizinkathamanga kwambiri kuposa zoponya mabomba. Zofuna za boma zimene zinabala ndege zoponya mabomba za Stirling, Halifax ndi kholo la Lancaster zinalembedwa mu 1936. Pofika 1943 mdani anali ndi radar pamphuno pa ndege zake za usiku ndi mizinga yoboola chilichonse, koma mafupa a ndege za Angerezi anali aja a 1936.

Short Stirling ndiyo inavulala kwambiri ndi pepalalo. Unduna wa za ndege unalamula kuti mapiko asapitirire mafiti 100, omwe ndi mamita 30 ndi theka. Nkhani yotchuka imati ankafuna kuti ndege izilowa pa zitseko za mashedi, koma mashedi a nthawiyo anali otakasuka kuposa pamenepo, ndipo cholinga chenicheni chinali kuletsa ndege kukula ndi kulemera mopyola. Mulimonsemo, ndege yolemera inapatsidwa mapiko aafupi ndi onenepa. Oyendetsa ankaikonda chifukwa inkakhota mofewa, koma kukwera inkakanika: papepala mamita 5,000, itasenza katundu kucheperapo. Popita ku Italy nthawi zina inkachita kuzemba pakati pa mapiri a Alps m'malo modutsa pamwamba pake. Ku Germany inkauluka pansi pa zinzake zonse, ndiye mizinga inkayambira iyo, ndipo mabomba a anzawo a pamwamba ankagwa modutsa pakati pawo. Kuti izidzuka msanga anaitalikitsa miyendo yakutsogolo mpaka inaima ngati chimbalame cha kudambo, miyendoyo n'kukhala yosalimba, moti Stirling yoyamba inathyoka mwendo potera pa ulendo wake woyamba mu Meyi 1939. Mimba yake yonyamulira mabomba inali yogawidwa m'tizipinda titalititali, bomba loposa makilogalamu 900 silinkalowa. Chakumapeto kwa 1943 anaichotsa pa maulendo a ku Germany n'kuipatsa ntchito zina, monga kukoka ndege zopanda injini.

Lancaster inabadwa mwangozi. Kholo lake, Avro Manchester, linali ndi mainjini awiri a Vulture omwe ankangowonongeka ndi kugwira moto. Injiniya wamkulu wa kampani ya Avro, Roy Chadwick, anatalikitsa mapiko n'kumangapo ma Merlin anayi, ndipo ndege yatsopanoyo inauluka mu Januwale 1941. Gulu loyamba kuilandira linali 44 Squadron, lomwe linkatchedwanso Rhodesia chifukwa munali anyamata ambiri ochokera dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Pepala la 1936 linkafuna kuti Manchester izitha kunyamula ma torpedo awiri, mabomba aatali aja omizira sitima, choncho inapatsidwa mimba imodzi yosagawa, yotalika mamita 10. Ma torpedo sanakwezedwepo n'komwe, koma mimbayo ndiyo inapangitsa Lancaster kukhala mfumu. Inkanyamula matani 6 osadandaula, ndipo mu 1945 zina zokonzedwa mwapadera zinanyamula bomba la Grand Slam la matani 10.

Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyeni tilowemo. Khomo lili kumbuyo, mbali ya kumanja. Mukalowa n'kuloza kutsogolo, mumadutsa pansi pa mpando wa wowombera wa pamsana, kenako mumakwera sitepe, chifukwa pansi pomwe mukupondapo tsopano ndi denga la mimba ya mabomba ija, ndipo kuyambira apa muyenda chowerama. Patsogolo pang'ono mukumana ndi mtanda waukulu wa mapiko. Mapiko a ndege sangokhomedwa m'mbali, pali chitsulo chimodzi chodutsa kuchokera phiko ili kukafika linalo, ndipo poti pansi panali pa mabomba, mtandawo unadutsa pamwamba pake, m'njira yeniyeni ya anthu. Munthu amachita kuukwera ndi kutsetserekera kuseri. Ndege ili chiimire pa bwalo masana, ambiri amagundabe mawondo ndi mutu. Mukaudutsa mupeza wa wailesi, wolondola njira kuseri kwa katani yake, injiniya ndi woyendetsa, kenako mutsike kamsewu kopapatiza kulowa kumphuno. Kumeneko, pansi pa khushoni yomwe woponya mabomba amagonapo chafufumimba, ndi pomwe pali kakhomo kothawirapo. Kasungeni m'mutu kakhomo kameneka.

Tsopano mfuti. Lancaster inali ndi zisanu ndi zitatu: ziwiri kumphuno, ziwiri pamsana, zinayi kumchira. Zonse zinkadya chipolopolo cha .303, chomwechija cha mfuti ya msilikali woyenda pansi, imene agogo athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma. Ndege za Ajeremani zinali ndi mizinga ya mamilimita 20 ndi 30, ya zipolopolo zophulika, yolasa kuchokera patali pomwe .303 imangokanda. Choipa koposa, kunsi kwa mimba kunalibe maso. Kachipinda ka mfuti ka pansi anakayesa poyamba, koma wowombera ankayang'anira pa kagalasi kosaona kanthu usiku, ndiye anakachotsa, ndipo pamalopo pambuyo pake panadzakhala chotupa cha radar ya H2S yoonera pansi.

Ajeremani anaitulukira mfundoyi. Kuyambira 1943 anayamba kumanga mizinga iwiri yoloza kumwamba pamsana pa ndege zawo zosaka usiku, Messerschmitt Bf 110 ndi Junkers Ju 88, n'kuitcha Schräge Musik. Woyendetsa ankabwera chapansipansi, n'kukhazikika pansi pa Lancaster mwakachetechete ngati mwana wa nkhuku pansi pa make, akuiona bwinobwino itatchinga nyenyezi. Sankalasa mimba, kuopa kuti mabomba angaphulike n'kumutenga nayenso. Ankaloza phiko, pakati pa mainjini awiri, pomwe pali matanki. Masekondi owerengeka phiko lili lawilawi, anyamata osadziwa chawagunda. Ndege zogwa chotere sizinkabwerera kuti zikanene, choncho akuluakulu anachedwa kuzindikira. Ena mwa anyamata ankaona ndege zikuphulika mumdima n'kumauzana kuti ndi zipolopolo zongoopsezera zomwe Ajeremani amaphulitsa dala, pomwe anali anzawo. Usiku wa pa 30 Malichi 1944, popita ku Nuremberg mwezi ukuwala, zinanyamuka ndege 795 ndipo 95 sizinabwerere.

Mwina mukuti, bwanji osaika mfuti zazikulu ndi zambiri? Ankhondo a America anachitadi zimenezo, ndiye tili ndi yankho looneka ndi maso. B-17 inali ndi anthu 10, mfuti zikuluzikulu za .50 zomwe pa mtundu wa B-17G zinafika 13, kachipinda ka mfuti kozungulira kunsi kwa mimba, zitsulo zotchinga zochulukirapo, ndi mainjini otha kupuma bwino pa mamita 7,500. Inali yolimba modabwitsa, ina inkabwerera mchira uli lende. Mtengo wake unali wakuti pa ulendo wautali inkanyamula mabomba matani awiri okha kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mimba yake inali yaifupi, yopanikizika pakati pa mitanda ya mapiko. Chikhulupiriro chinali chakuti ndege zambiri zikauluka mothithikana masana, mfuti zawo mazanamazana zidzakhala linga. Ajeremani anaona kuti kumphuno mfuti n'zochepa, n'kuyamba kubwera maso ndi maso. Pa 17 Ogasiti 1943, ku mizinda ya Germany ya Schweinfurt ndi Regensburg, zinapita 376 n'kutayika 60. Pa 14 Okutobala anabwereranso ku Schweinfurt ndi 291, n'kutayikanso 60. Anayesa ngakhale B-17 yopanda mabomba, yodzaza mfuti ndi zipolopolo zokhazokha, yotchedwa YB-40, kuti iziperekeza zinzake. Zinzakezo zikataya mabomba zinkapepuka n'kuthamanga, mlondayo n'kutsalira m'mbuyo ndi katundu wake. Chimene chinapulumutsa B-17 si mfuti zake ayi, koma ndege yaing'ono ya P-51 Mustang yomwe pofika 1944 inkatha kuiperekeza mpaka ku Berlin ndi kubwerera.

Ndipo kukwera m'mwamba kunali ndi msonkho wake. Ndegezi sizinali zotsekeka ngati zonyamula anthu za lero. Kuzizira kunkafika madigiri 40 pansi pa ziro, owombera a m'mbali mwa B-17 ataima pa mawindo otsegula. Wovula golovesi kuti akonze mfuti yokakamira ankasiya khungu pa chitsulo. Paipi ya okosijeni ikatsekeka ndi madzi oundana, munthu ankangokomoka osadziwa. M'Lancaster mpweya wofunda unkatulukira pafupi ndi wa wailesi, iye thukuta kamukamu, pomwe wa kumchira, yemwe kawirikawiri ankachotsa dala galasi la patsogolo pake kuti aziona bwino mumdima, ankadalira zovala zotenthetsa ndi magetsi.

Zina ndingozitchula mothamanga. B-24 Liberator ya America inapatsidwa phiko lalitali lopyapyala lomwe linkaifikitsa kutali kuposa B-17, koma inali yolemera m'manja, fungo la petulo linkadzaza m'mimba mwake mpaka anyamata ankatsegulako pang'ono zitseko za mabomba, ndipo ikatera panyanja zitsekozo zinkabooka ndege n'kuthyoka. Halifax zoyambirira zinali ndi zipsepse za kumchira zomwe chiwongolero chake chinkatha kukakamira mbali imodzi ndege n'kuzondoka, mpaka anazisintha mu 1943. Ajeremani ndiye anachita ichi chakoma ichi chakoma: anafuna kuti Heinkel He 177, chindege cholemera, izithanso kugwera pansi chamutu poponya bomba. Mainjiniya anaphatikiza mainjini awiriawiri kuzunguza chopukusa chimodzi, m'malo othinana osapita mphepo, ndipo inkayaka yokha kawirikawiri moti okwera ake anaitcha laitala. Ngakhale B-29 ya America, yotsekeka bwino ndi yamakono kuposa zonse, inkavutika ndi mainjini otentha mopyola, makamaka ponyamuka.

Panali njira ina, yosiyana kotheratu ndi maganizo anu oyamba aja: kuchotsa mfuti. De Havilland Mosquito inali yamatabwa, ya anthu awiri, ndipo mtundu wake woponya mabomba unalibe mfuti ngakhale imodzi. Inkanyamula bomba la makilogalamu 1,800 mpaka ku Berlin, n'kudalira liwiro basi, ndipo inkatayika mochepa kuposa ndege ina iliyonse ya Bomber Command. Freeman Dyson, mnyamata wa masamu yemwe ankagwira ntchito m'nthambi yofufuza ya gululi ndipo pambuyo pake anadzakhala wasayansi wotchuka, anali m'gulu la amene anapempha kuti ayese kuzula tizipinda tiwiri ta mfuti pa Lancaster. Ankayembekeza kuti liwiro likwera ndi makilomita pafupifupi 80 pa ola, ndipo ikagwa izipita ndi anthu asanu m'malo mwa asanu ndi awiri. Akuluakulu anakana. Sindikuwaseka kwenikweni, chifukwa wowombera wa kumchira ntchito yake yaikulu inali maso: akaona mthunzi ankakuwa, woyendetsa n'kuigwetsa ndege mokhotakhota kuti azembe. Komanso kuuza anyamata kuti apite ku Ruhr, dera la mafakitale ku Germany, manja lendelende si nkhani yapafupi. Koma kukana ngakhale kuyesa pa ndege zochepa kunali kuuma mutu. Mu Malichi 1945 mkulu wa ankhondo a America, Curtis LeMay, anachotsadi mfuti zambiri pa ma B-29 opita ku Tokyo usiku kuti anyamule mabomba amoto ochuluka, ndipo moto wa usiku umenewo unapha anthu a mumzindawo oposa 80,000. Tikamawerenga za kuvutika kwa okwera m'ndegezi tisaiwale amene anali pansi pake.

Tibwerere ku kakhomo kaja. Kanali masentimita 56 m'lifupi ndi 67 m'litali. Ndikupempheni muyese kunyumba: tengani katoni, dulani bowo la muyeso umenewo, valani majekete awiri ndi nsapato zazikulu, mangirirani chikwama chodzaza pachifuwa, ndiye mudutsepo. Mukatero ganizirani kuti ndi usiku, utsi uli tolotolo, ndege ikuzungulira pogwa moti thupi lanu likulemera kawiri kapena katatu, ndipo anzanu anayi ali pambuyo panu. Parachuti ambiri sankaivala pogwira ntchito chifukwa malo anali ochepa. Ankangovala malamba, parachutiyo ili pa shelefu, ndiye moto ukabuka uyambe waipeza, uikolowekere pa ngowe ziwiri za pachifuwa, kenako uyambe ulendo wa kukakhomo. Amene anali kuseri kwa mtanda ankathamangira khomo lolowera lija, pomwe wodumpha mosasamala ankamenyedwa ndi phiko la kumchira.

Wa kumchira ndiye anali pa msampha weniweni. Kachipinda kake kanali kothina moti parachuti inkakhala kunja kwake, m'kati mwa ndege. Ankayenera kuwongola kachipindako, kutsegula tizitseko ta kumsana kwake, kutambasula dzanja kuitenga, kuivala, kuzunguza kachipindako cham'mbali n'kudzigwetsa chagada. Mu Malichi 1944 Nicholas Alkemade atatsegula tizitsekoto anapeza parachuti yake ikuyaka. Anasankha kudumpha wopanda kanthu kuchokera pa mamita 5,500 kusiyana ndi kupsa, ndipo anagwera pa nthambi za paini ndi chipale chofewa n'kukhala moyo. Mu Juni chaka chomwecho Andrew Mynarski wa ku Canada anali kale pa khomo pomwe anaona kuti mnzake wa kumchira, Pat Brophy, watsekeredwa m'kachipinda kokakamira. Anabwerera kudutsa m'moto, analimbana nako ndi nkhwangwa ndi manja mpaka zovala zake zinagwira moto, ndipo atalephera anadumpha akuyaka n'kukafa ndi mabala. Brophy anagwa nayo ndegeyo n'kuponyedwa kunja wamoyo.

Ofufuza a nthambi ya Dyson ija atawerenga anapeza kuti mwa okwera Lancaster zogwetsedwa, opulumuka anali pafupifupi 15 pa 100. Mu Halifax anali 25 pa 100, ndipo m'ndege za America zouluka masana anali pafupifupi theka. A ku America ankathandizidwa ndi kuwala kwa dzuwa ndi makomo ambiri. Koma Halifax inkauluka usiku womwewo, njira yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi lake linali lotakasuka, wa wailesi ndi wolondola njira ankakhala kumphuno pafupi ndi potulukira, ndipo khomo lake linali lokulirapo ndi masentimita asanu okha. Chilungamo chake, Lancaster inkagwetsedwa mocheperapo kuposa Halifax zoyambirira ndipo inkanyamula zambiri, n'chifukwa chake mkulu wa Bomber Command, Arthur Harris, ankaifuna kwambiri. Koma ikagwidwa inkapita ndi anthu ake.

Apa sikelo ija sikugwiranso ntchito, chifukwa kukulitsa bowo sikulemeretsa ndege ndi matani. Chimene chinkaopedwa ndi fakitale. Ma Lancaster 7,377 anapangidwa ndi makampani angapo ku Britain ndi ku Canada, zidutswa zake zikuchokera m'mafakitale ambirimbiri, ndipo kusintha nthiti za pamphuno kunkatanthauza kusintha zojambula ndi zikombole, mzere n'kuima kwa kanthawi, pomwe akuluakulu ankawerenga ndege zotuluka sabata iliyonse. Komanso m'mabuku a gululo ndege yosabwerera inkalembedwa kuti yatayika ndi anthu asanu ndi awiri, kaya afa kaya ali m'ndende ku Germany, choncho khomo lalikulu silinkasintha nambala imene akuluakulu ankaiyang'ana. Mnzake wa Dyson wa mu ofesi imodzi analimbana ndi nkhaniyi pafupifupi zaka ziwiri, kutsimikiza kuti vuto lilipo, kukopa akuluakulu, kudikira kuti uthenga ufike kwa opanga. Dyson anadzayerekezera kuti kakhomo kameneka kanadya anyamata ngati 10,000. Pomwe khomo lokulirapo linkavomerezedwa, nkhondo inali ikutha.